Za Kusankha Chihema Chodzalamo Ndiwo M'nyumba

Munthu wobadwira m'dziko limene dzuwa lituluka ndi kulowa pa nthawi pafupifupi imodzimodzi chaka chonse, kumene mlimi adera nkhawa mvula, mbozi ndi mtengo wa feteleza koma osaganizako n'kamodzi komwe kuti kuwala kungamuperewere, azizwa ndithu akamva kuti kuli maiko kumene olima amachita kugula kuwala ndi ndalama. Ku Lilongwe usana supatuka kwenikweni pa maola 12, kaya ndi mu Juni kaya mu Disembala. Koma ku London, pofika pa 21 Disembala, usana sukwana maola 8, ndipo ngakhale masanasana dzuwa lingokwera madigiri 15 okha, pamene ku Glasgow, chakumpoto, usana uli ngati maola 7 basi, nawonso okutidwa ndi mitambo masiku ambiri. Abale athu okhala m'mizinda imeneyo, amene mitima yawo ilakalaka bonongwe, mpiru ndi tsabola wa kambuzi, ayamba kawirikawiri ndi kufesa m'zitini pawindo. Ndipo yense amene anaonapo mbande zotero azidziwa maonekedwe ake: kamtengo koonda ngati ulusi, kotuwa, kowerama kutsata galasi, timasamba tiwiri kumutu kwake, kenaka m'mawa wina kapezeka katagona pa dothi, kataola m'tsinde. Mbewuyo siinaphedwe ndi chisanu, pakuti m'nyumbamo munali motentha. Inafa ndi njala ya kuwala.

Pofuna kuthetsa vuto limeneli, amalonda a kumeneko agulitsa chihema chansalu chimene m'masitolo achitcha grow tent, choimikidwa pa mapaipi achitsulo, chakuda kunja ndi chonyezimira m'kati, chotsekedwa ndi zipi, chokhala ndi mabowo olowetsera mawaya ndi otulutsira mpweya, ndipo kudenga kwake kuli zitsulo zopingasa zopachikapo nyale. Ntchito yake njosavuta kuimvetsa: chibweza kuwala konse kuti kugwere pa masamba m'malo motayikira m'chipinda, chisunga kutentha, chipatula dothi ndi madzi ku kapeti ya eni nyumba, ndipo chilola munthu kugona mumdima pamene mbewu zake zili pa usana. Komatu cholakwa chimene ndichiona mwa ogula ambiri n'chakuti ayambira pa chihemacho, nafunsa kuti chokhuthala nsalu ndi chiti, chotsika mtengo ndi chiti, asanadzifunse kuti m'katimo mudzakhala chiyani. Chihema pachokha sichimeretsa kanthu. Wochigula wadzisenzetsa udindo umene kumunda ugwiridwa ndi dzuwa, mphepo, njuchi ndi kusintha kwa nyengo, ndipo chifukwa cha ichi funso loyamba liyenera kukhala la mbewu, lachiwiri la nyale, lachitatu la mpweya. Nsalu ndi zitsulo zibwere pambuyo.

Mbewu zimene anthu athu afuna kudzala sizili ndi khalidwe limodzi. Bonongwe akonda kutentha ndi kuwala kwamphamvu, monga tidziwa kuti kwathu amera mwaufulu mvula yoyamba ikangogwa dziko lili lofunda. Mpiru ndi chainizi ndi za m'dimba m'miyezi yozizira, ndipo zikatenthedwa zithamangira kutulutsa maluwa, masamba ake nachepa ndi kuwawa. Tsabola wa kambuzi ndi wochedwa kumera, wofuna dothi lofunda ngati madigiri 25 kufikira 30 kuti njere iphuke, ndipo atenga miyezi ingapo asanabereke. Matimati atalika msanga nafuna chowagwiriziza. Maungu, amene ambiri awafunira nkhwani, ayanga mosadziwa malire kotero kuti phando limodzi lokha likhoza kuphimba zonse zili m'chihema chaching'ono. Amene afuna kuika zonsezi pamodzi pansi pa nyale imodzi akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkwabwino kusankha banja limodzi: kapena zokonda kutentha, ndizo bonongwe ndi tsabola, kapena zamasamba zokonda kuzizira.

Pa nkhani ya nyale mpamene ndifuna kukhalitsa, pakuti apa mpamene ndalama zambiri zipita, ndiponso mpamene chinyengo chichuluka. Kale olima m'nyumba ankadalira nyale za sodiyamu za mawati 400 kapena 600, zowala mofiirira, zotentha kwambiri kotero kuti dzanja silingaziyandikire, ndipo chihema chokhala ndi nyale yotere chinafunika kukhala chachitali ndi cha fani yamphamvu. Zinthu zinasintha chifukwa cha ntchito ya akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anakwanitsa kupanga LED yowala mwa buluu, nalandira mphotho ya Nobel mu 2014. Pakuti kuchokera ku LED yabuluuyo ndiko kunabadwa LED yoyera imene lero iunikira m'nyumba zathu ndi m'zihema zomwe. Nyale ya LED yabwino ipereka kuwala kochuluka pa magetsi ochepa, ndipo pa bokosi lake pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi zilembo µmol/J, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kothandiza mbewu kumene ituluka nako pa mphamvu iliyonse imene yadya. Nyale za sodiyamu sizinali kufika pa 2. Ya LED yoyenera kuigula ikhale pa 2.5 kapena kupitirira.

Chinyengo chili pa mawati. Pa intaneti pali nyale zambirimbiri zolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti ndi za mawati 1000, zojambulidwa zikuwala mwa mtundu wa pepo pamwamba pa matimati onenepa, koma ukawerenga timalemba ta m'munsi upeza kuti magetsi amene zikoka pakhoma ndi mawati 100 kapena 150 okha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula wochenjera afuna kudziwa mawati enieni okokedwa pa soketi, napemphanso chithunzi chosonyeza nambala za PPFD, ndiwo muyeso wa kuwala kogwera pa tsamba pa sekondi iliyonse, poyezedwa pakati ndi m'makona mwa chihema. Ndiwo zamasamba zikhuta ndi PPFD ya 200 kufikira 300 pa maola 14 kapena 16. Tsabola ndi matimati, kuti zibereke bwino, zifuna 400 kufikira 600. M'chilankhulo cha mawati, ndiko kunena kuti chihema cha masentimita 80 m'litali ndi 80 m'lifupi chikwanira ndi nyale yabwino ya mawati enieni 100 kufikira 150, ndipo cha mita imodzi mbali zonse chifuna ngati 200 chikakhala cha mbewu zobereka zipatso. Ine ndilangiza nyale yoyera koposa yapepo, chifukwa pansi pa kuwala kwapepo tsamba lodwala ndi lamoyo zioneka chimodzimodzi, ndipo mlimi wosaona mtundu weniweni wa masamba ake azindikira matenda atakula kale. Ikhalenso ndi kabatani kochepetsera mphamvu, popeza mbande zongomera kumene sizifuna kuwala kwa mbewu yokhwima.

Kutalika kwa usana nako kuli ndi mphamvu imene alimi a fodya ayenera kuikonda mbiri yake. Mu 1920 akatswiri awiri a unduna wa zamalimidwe ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, anafalitsa zimene anapeza pa mtundu wa fodya wotchedwa Maryland Mammoth, umene unali kungotalika chilimwe chonse osatulutsa maluwa kufikira chisanu chitaupha, koma m'nyumba yagalasi m'miyezi ya masiku aafupi unali kuchita maluwa ukadali waufupi. Iwo anayesa kuulowetsa m'kanyumba kamdima madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo unachita maluwa m'chilimwe momwemo. Pamenepo anazindikira kuti mbewu zambiri ziwerenga kutalika kwa tsiku, ndipo ena pambuyo pake anaonetsa kuti chimene ziyeza kwenikweni ndi kutalika kwa usiku wosadukizidwa. Mitundu yambiri ya bonongwe ili m'gulu limodzi ndi fodya ameneyo: masiku akafupika ithamangira ngayaye, chotero woupatsa maola 16 auchedwetsa kuchita maluwa nakolola masamba nthawi yaitali. Mpiru uchita mosiyana, pakuti masiku aatali ndiwo aufulumizitsa; uwu upatsidwe maola 12 kapena 14. Tsabola ndi matimati sizisamala kwenikweni za utali wa tsiku. Kuchokera apa tiphunzira zinthu ziwiri za chihema: kuti kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa nyale pa nthawi yake n'kofunika ngati nyale yomweyo, ndi kuti kusadontha kuwala, kumene amalonda akutamanda kwambiri, n'kofunika kwa wolima maluwa ngati chrysanthemum, koma kwa wolima ndiwo phindu lake lalikulu n'lakuti iye mwini agone bwino usiku.

Tsopano tingalankhule za kukula kwa chihema, ndipo apa anthu ayeza pansi naiwala kumwamba. Zihema zigulitsidwa pa miyeso yodziwika, ya masentimita 60, 80, 100 ndi 120 mbali iliyonse, ndipo msinkhu wake uyambira pa 120 kapena 140 kufikira 200. Tiyeni tiwerengere pamodzi: ndowa yodzalamo itenga masentimita 25 kapena 30, tsabola wokhwima afika 60 kapena 80, pakati pa nsonga ya mbewu ndi nyale payenera kukhala mpata wa 30 kapena 40 kuti masamba asapse, nyale ndi zingwe zake zitenga 15 kapena 20, ndipo pamwamba pakenso pakhale malo a fani. Taonani, tafika kale pa 160, ndipo sitinasiye mpata woti mbewu ikule kuposa momwe tinayembekezera. Chihema chachifupi chikwanira mbande ndi zamasamba zokha. Kunena za m'lifupi, dzanja la munthu wogwada pakhomo lifika bwino masentimita 80 okha, kotero chihema choposa apa chikhale ndi makomo a m'mbali, apo ayi mbewu za kumbuyo zidzathiriridwa mwa apo ndi apo ndi kusayang'aniridwa kunsi kwa masamba. Kwa munthu wokhala m'nyumba yalendi ya zipinda zochepa, amene angoyamba kumene, sindiona chopambana cha masentimita 80 mbali zonse ndi msinkhu wa 160 kapena 180, mmene mukhala ndowa zinayi za tsabola mosapanikizana. Asanalipire, ayeze denga la chipinda ndi malo otsegulira zipi, pakuti zipinda zam'mwamba za nyumba zambiri za ku Britain zili ndi madenga otsetsereka.

Za nsalu sindichulukitsa mawu. Nambala zolembedwa 600D kapena 1680D zinena za kulemera kwa ulusi wolukira nsaluyo, ndiye kuti magalamu a ulusi wotalika mamita 9000. Yokulirapo ilimba koposa, koma ya 600D yosokedwa bwino ikhalitsa kuposa ya 1680D yosokedwa mwaulesi. Chonyezimira cha m'kati, chimene ambiri achitcha Mylar potengera dzina limene kampani ya DuPont inapatsa pulasitiki yake, chisakhale chosupuka ukachikanda ndi chikhadabo. Chimene chifa msanga pa chihema chilichonse ndi zipi, popeza itsegulidwa tsiku ndi tsiku ili yokokedwa ndi nsalu yothina. Ndipo ngati wogula ali ndi mwayi woona chihema chitaimikidwa m'sitolo, ayendetse zipiyo kangapo, makamaka pokhota pa ngodya, amve ngati ikodwa, kenaka alowetse mutu m'katimo, atseke, ayang'ane m'misoko ngati muli timabowo towala ngati nsonga za singano. Mapaipi akhale achitsulo okhuthala mamilimita 19 kapena kuposa, zolumikizira za m'makona zikhalenso zachitsulo, pakuti zapulasitiki zithetheka ndi kutentha, ndipo pansi pakhale thireyi yosadutsa madzi yochotseka, ya milomo yokwera, chifukwa tsiku lina ndowa idzasefukira ndithu.

Mpweya ndiwo umene oyamba kumene aunyozera, nazindikira kufunika kwake atataya mbewu. Pafupifupi madzi onse amene mbewu imwa ndi mizu iwatulutsanso ndi masamba, ndipo magetsi onse amene nyale idya amathera m'kutentha. Chotero chihema chotsekedwa popanda fani chisanduka chonyowa ndi chofunda, makoma ake nachita thukuta, nkhungu yoyera ngati ufa nigwira masamba. Amene anaonapo balani yowotchera fodya ku Kasungu, yokhala ndi timazenera m'munsi tolowetsa mpweya ndi potulukira pa denga pamene chinyezi chithawira, wamvetsa kale momwe chihema chipumira: mpweya wozizira ulowera pa mabowo a pansi, wotentha ndi wonyowa ukokedwa ndi fani yopachikidwa kumwamba nutulutsidwa ndi paipi. Olima ambiri atsata lamulo lakuti mpweya wonse wa m'chihema usinthidwe kamodzi pa mphindi imodzi kufikira zitatu, ndipo pa zihema zimene tatchulazi fani ya paipi ya mamilimita 100 ikwanira. Chizindikiro choti ikugwira ntchito ndi makoma a nsalu olowa pang'ono m'kati zipi ikatsekedwa. Wogula aonetsetse kuti mabowo a chihema alingana ndi paipi ya fani yake, ndi kuti ali mbali yoyang'ana kuwindo. Pafunikanso kafani kena kakang'ono kogwedeza masamba, kamene kalimbitsa mitengo ya mbande ndi kuthandiza maluwa a tsabola ndi matimati kugwira, ngakhale kuti nkwabwino mwini azigwedezanso nthambi ndi chala, popeza njuchi mulibe. Sefa yamakala yochotsa fungo, imene amalonda akonda kuiphatikiza pa katundu, wolima ndiwo angathe kuisiya.

Koma funso limene lindivutitsa mtima ndi lakuti chinyezicho chikatuluka m'chihema chipita kuti. Nyumba zambiri zalendi za ku Britain n'zakale, zozizira makoma, ndipo m'nyengo yachisanu mawindo akhala otseka. Munthu akathira malita awiri pa mbewu zake tsiku lililonse, malita amenewo akathera pa makoma ndi pa magalasi a chipinda, ndipo posachedwa nkhungu yakuda ioneka m'makona ndi kuseri kwa kabati, imene iwononga zovala, idwalitsa zifuwa, makamaka za ana, ndi kudanitsa munthu ndi mwini nyumba. Walira mvula walira matope. Chifukwa cha ichi ndinena mosabisa kuti chihema chisaimikidwe m'chipinda chogona ana, ndipo paipi yotulutsa mpweya ilozetsedwe kunja ngati nkotheka. Kukalephereka, windo litsegulidwe pang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo kachipangizo kotsika mtengo koyeza kutentha ndi chinyezi kapachikidwe m'katimo pa msinkhu wa masamba.

Magetsi tiwawerenge monga tiwerengera mayunitsi kwathu. Nyale ya mawati 150 yoyaka maola 16 idya mayunitsi 2.4 pa tsiku, ndiwo 72 pa mwezi, osawerengera mafani. Aliyense achulukitse ndi mtengo wa yuniti wolembedwa pa bilu yake, umene ku Britain unakwera kwambiri mu 2022, ndipo aone ngati mtima wake uvomera. Mapulagi a kumeneko ndi ofanana ndi athu a mano atatu, ndipo katundu wa chihema chimodzi chaching'ono saposa mphamvu ya soketi imodzi. Choopsa chili pa kukumana kwa madzi ndi magetsi. Mawaya onse ndi zolumikizira zimangidwe m'mwamba pa mapaipi kapena kunja kwa chihema, kasapezeke kanthu kamagetsi kogona pa thireyi, ndipo pakati pa khoma ndi chihema paikidwe chotetezera chotchedwa RCD, chimene chidula magetsi msanga akayamba kudutsa posayenera.

Pali nkhani ina imene sindingaibise, popeza ikhudza ulemu ndi mtendere wa munthu wokhala m'dziko la eni. Zihema zimenezi zidziwika kwambiri kumeneko chifukwa cha olima chamba mobisa, ndipo ngakhale kuti kugula ndi kukhala ndi chihema sikulakwa, kulima chamba ku Britain ndi mlandu pansi pa lamulo la 1971 loletsa mankhwala ozunguza bongo, umene chilango chake chingafike zaka 14 m'ndende. Lamulo la ku Malawi la 2020, lolola ena okhala ndi ziphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, silimteteza munthu kunja kwa malire athu. Woyera mtima asadzibise: amuuze mwini nyumba asanaimike chihema, amuitane aone tsabola ndi bonongwe ndi maso ake, kuti kuwala kotuluka pawindo usiku ndi kulira kwa fani zisabale mphekesera. Chimodzimodzi ndi mbewu zofesa: dziko la Britain lili ndi malamulo olamula kuti zomera ndi njere zambiri zolowa zikhale ndi chiphaso cha zaumoyo wa zomera chochokera kumene zachokera, kotero wofuna kutenga njere m'chikwama pobwerera kuchokera kumudzi ayambe wafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Njere za bonongwe zipezeka konko pa dzina la amaranth, kapena callaloo monga amutchulira anthu a ku Jamaica, ndipo mpiru ndi tsabola za mitundu yambiri zigulitsidwa m'masitolo a mbewu.

Tizilombo nato tipeza njira. Kangaude wofiira, amene alimi a matimati kwathu amudziwa, akonda malo ofunda opanda mvula, ndipo m'chihema mulibe adani ake. Chizindikiro chake choyamba ndi timadontho totuwa pamwamba pa tsamba, ndipo ukalitembenuza upeza tinthu toyenda tochepa ngati fumbi, ndi ulusi wopyapyala pakati pa mitsempha. Alowa ndi mbewu zogulidwa kale zitamera, kapena ndi chihema chakale chogulidwa kwa wina. Chotero chihema chotere chitsukidwe ndi sopo m'misoko monse chisanalandire mbewu.

Tsono kodi n'koyenera kugula? Wowerengera ndalama yekha apeza kuti kabichi ndi letesi za m'sitolo n'zotsika mtengo kuposa zolimidwa pansi pa nyale, ndipo kwa wokhala ku Zomba kapena ku Chipata, kumene nazale ya pansi pa kamthunzi ka udzu ichita zonsezi popanda bilu, chihema n'kutaya chuma. Phindu lake lioneka kwa wa kumaiko a kumpoto wofuna ndiwo zimene msika wa kumeneko sumupatsa zili zaziwisi, ndipo lioneka koposa akachiyesa nazale osati munda. Tsabola wa mtundu wa kambuzi afuna nyengo yaitali kuposa chilimwe cha ku Britain. Koma wofesedwa m'chihema mu Januwale kapena Febuluwale, pamene mbande zifuna kuwala kochepa ndipo nyale iyaka pa theka la mphamvu yake, afika kumapeto kwa Meyi ali chitsamba cholimba, chokonzeka kupita pakhonde, m'nyumba yagalasi kapena ku timinda timene makhonsolo a mizinda abwereketsa. Asatulutsidwe tsiku limodzi, pakuti masamba okulira pansi pa nyale apsa akakumana ndi dzuwa ndi mphepo mwadzidzidzi. Aikidwe panja pamthunzi maola ochepa, tsiku lililonse kuonjezerako pang'ono, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, nabwezedwa m'nyumba usiku kufikira mantha a chisanu atatha. Pamenepo chihema chitsukidwe, chiumitsidwe bwino, chipindidwe popanda kuthyola zipi, ndipo nyale isungidwe pouma kufikira Okutobala, pamene mitengo iwiri kapena itatu ya tsabola yobereka koposa ingadulidwe nthambi ndi kubwezedwa m'katimo, popeza tsabola ameneyu akatetezedwa ku chisanu akhala zaka zingapo, ndipo chaka chachiwiri ayamba kubereka msanga.